Mayi Nambala 4 wa ku Mwalawoyera

1.

Mawu anu akafika kwa akuluakulu, koma dzina lanu sililembedwa. Mukafuna kuchoka, chokani, palibe akuimbeni mlandu.

Elube Chakhaza anali atanena mawu amenewa m'midzi yambiri moti pakamwa pankangoyenda pokha. Bungwe lina linamulemba ntchito ya kafukufuku wa zaumoyo: kukhala ndi anthu pagulu, kuwafunsa zimene zimawadwalitsa, kujambula mawu awo. Tsiku limeneli anali ku Mwalawoyera, m'tchalitchi cha m'munsi mwa phiri limene kampani ina imaphwanyako miyala. Amayi anakhala mozungulira, aliyense atamupachika kapepala pachifuwa. Nambala 1. Nambala 2. Mpaka womaliza.

Anapukuta rekoda ndi nsonga ya chitenje n'kuiika pa benchi. Asanaiyatse n'komwe, inali itatuwanso.

2.

Kodi matenda ofala kuno ndi ati?
Mumagona m'neti?
Madzi mumatunga kuti?
Mukachoka kuchimbudzi mumasamba m'manja?
Za kulera munamvapo?
Pali china chimene mukufuna kuwonjezera?

3.

Malungo, anatero Nambala 1. Kutsekula m'mimba, anatero Nambala 2. M'neti timagonamo. M'manja timasamba.

Ndi sopo?

Ndi sopo, madamu.

Elube ankawadziwa mayankho amenewa. Ndi aja anthu amasungira alendo, ngati makapu a m'kabati otuluka pa Khirisimasi pokha. Anagwedeza mutu, anathokoza, anafika pa funso lomaliza. Pali china chimene mukufuna kuwonjezera?

Chete.

Kuphiri chigayo cha miyala chinkalira. Amayi onse anaweramitsa mitu kupatula Nambala 4, mayi wowonda wa duku lofiira, amene anagwira benchi ndi manja onse awiri ngati ikufuna kumuthawa. Mapewa ake ankakwera, kutsika, kukwera. Ku maphunziro a ntchitoyi Elube anauzidwa kuti anthu akakhala chete usathamangire kuwalankhulira. Anadikira. Chala chinkamuyabwa kuti azimitse rekoda, koma anadikira.

4.

Mwana wanga, lemba fumbi, mwamuna wanga anagwira ntchito pachigayo chijachi kuyambira kampani itangofika ndipo ankabwera kunyumba atayera ngati wagwera mu ufa, ana n'kumamuseka, kenako anayamba chifuwa, tinapita kuchipatala anamuyeza makhololo anati si chifuwa chachikulu, tinapitanso anati si chachikulu, komabe anamupatsa mankhwala a chachikulu chomwecho poti ena analibe, anamwa onse osaphonya, anamwalira atakhala tsonga chifukwa akagona mpweya sunkalowa, kenako anatsatira amuna a awa, kenako mchimwene wa uyo, ndipo ife amene timaswa miyala yotsala m'mbali mwa msewu tayambanso, zovala tikayanika zimatuwa, ndiwo zimachita mchenga m'mano, ana akayetsemula pamatuluka zoyera, ndiye iwe wabwera ulendo wonsewu kudzatifunsa ngati timasamba m'manja

5.

Zimitsani chinthucho, madamu. Anali Nambala 7, mayi wachitsikana wobereka mwana kumsana. Amuna anga ali pachigayo pomwepo.

Isiye, Felesiya, anatero Nambala 4.

Amayi, chonde, tisatchulane mayina, anatero Elube.

Ine ndine Nankhoma, mkazi wa malemu Bizaliyele. Lemba.

Dzina lanu sililembedwa, mayi. Ndi lamulo. N'lokutetezani.

Kunditeteza kwa ndani? Chondipha chili kale m'kati.

Felesiya anaimirira, anayang'ana pakhomo, anasuntha mwana kumsana. Kenako anakhalanso pansi.

6.

Ku Lilongwe, ku ofesi, mawu a anthu amalembedwa onse mmene anatulukira, kenako amadulidwa n'kugawidwa m'mitu. A Likongwe, mkulu wa kafukufukuyo, anamata mituyo pakhoma, uliwonse pa pepala la mtundu wake.

Malungo.
Ukhondo.
Kulera.
Kutalika kwa chipatala.
Zikhulupiriro.
Zina ndi zina.

Izi za fumbizi ikani pa Zikhulupiriro, anatero.

Si chikhulupiriro, bwana.

Munawayeza? Ndinu dokotala, Elube? Ife timasonkhanitsa maganizo a anthu. Komanso wanena izi ndi mayi mmodzi.

Walankhula ndi mmodzi. Palibe amene anamutsutsa.

Anangokhala chete. Chete salowa mu lipoti.

Elube anaima ndi kapepala ka Nambala 4 m'manja. Sanakamate paliponse.

7.

A Likongwe sanali munthu woipa. Anatseka chitseko, anatulutsa chikuto cha lipoti, n'kuloza pansi pake pomwe panali chizindikiro cha kampani ya miyala.

Kafukufukuyu alipira ndi awa, anatero motsitsa mawu. Akufuna kumanga chipatala chaching'ono m'dera lomwelo. Mukawatosa m'maso, chipatalacho chipita kwina. Amayi anuwo atsala ndi fumbi lomwelo, opanda ngakhale panado. Mwaganizapo zimenezo?

Elube anali asanaganizepo. Anatsegula chitseko n'kutuluka.

8.

Iwe, Elube. Uli ndi mwana pasukulu. Amayi ako kumudzi amayang'ana iwe. Ntchito ya kontirakiti imasungunuka ngati sopo wa m'bafa. Kamate kapepalako pomwe akuuza, palibe adzadziwe, iwe si dokotala, iwe si loya, iwe ndi wonyamula rekoda basi.

Mu minibasi yopita kwawo ku Kawale anaika timawaya m'makutu n'kumvetseranso za m'rekoda. Ulendo uno sanatsate mawu. Anatsata zapakati pa mawu. Mpweya ukulowa mwa Nankhoma ngati macheka pa thabwa lonyowa.

Mawu anu akafika kwa akuluakulu.

Ananena ndani zimenezo? Iwe. Ndi pakamwa pako.

9.

Ntchito imafuna kuti ofunsidwa aitanidwe kudzamva zotsatira, choncho Elube anabwerera ku Mwalawoyera ndi uthenga wa msonkhano wa kuboma. Anapeza a Nankhoma ali pakhonde, atatsamira khoma. Nyundo yawo yoswera miyala inali pambali, itayamba dzimbiri.

Mawu anga anawaika pati?

Akufuna kuwaika pa Zikhulupiriro, mayi.

A Nankhoma anaseka, kuseka kunasanduka chifuwa, chifuwa chinawapinda pakati. Elube anawagwira msana mpaka chinadutsa.

Ndiye Bizaliyele anafa ndi chikhulupiriro?

Akuti tikanena za fumbi, kampani simanga chipatala.

Chipatala choti tizikafera pabwino? Amange. Koma ayambe amva. Ukanene mmene ndinanenera, usakazikometse.

Akandichotsa ntchito, mayi.

Mwina. Sindikunamiza, mwana wanga. Mwina akuchotsa. Ine sindingakukakamize. Koma unabwera wekha, unafunsa wekha, ndipo ine mpweya umene ndinakupatsa uja sindingaubweze.

10.

Holo ya kuboma. Matebulo ovala nsalu zoyera, madzi a m'mabotolo. Kutsogolo kunakhala mkulu wa zaumoyo m'bomalo, bambo woimira kampani, ndi a Likongwe. Amayi a ku Mwalawoyera anawakhazika kumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Gawo la Elube linali lowerenga mawu osankhidwa a anthu. Anawerenga za maneti. Anawerenga za mjigo wowonongeka. M'holo anthu ankagwedeza mitu. Kenako anaika pepala pansi, chifukwa otsatirawo sanali pa pepalapo, anali m'mutu mwake.

Mwana wanga, lemba fumbi.

Elube, anatero a Likongwe, zimenezo sizili pa pulogalamu.

Sanaime. Ananena zonse, ufa, makhololo, kumwalira atakhala tsonga, mchenga m'mano, mpaka kusamba m'manja. Atamaliza anati: mayi Nambala 4, Mwalawoyera.

Bambo wa kampani anamwetulira, anasendeza maikolofoni. Ndi nkhani yomvetsa chisoni, anatero, koma ife sitingayankhe nambala. Wanena izi ndani?

Dzina lawo sililembedwa, bwana.

Ndiye mwaona.

Kumbuyo mpando unakhuluka.

Ndi a Nankhoma, mkazi wa malemu Bizaliyele. Sanabwere chifukwa mpweya sukuwalola kukwera galimoto. Ine ndine Felesiya Gomani, amuna anga ali pachigayo panu. Mukundiona ndikunjenjemera. Ndinjenjemera chiimire.

Mpando wina unakhuluka. Ine ndine Nasimango, amuna anga munawaika ndi bokosi la kampani.

Wina. Ine ndine Elinati, mchimwene womwalira uja anali wanga.

Wina.

Wina.

Mkulu wa zaumoyo, mayi wa magalasi amene nthawi yonseyi ankayang'ana foni, anaitembenuza n'kuiika patebulo chafufumimba.

11.

Zimene zinatsatira:

Kontirakiti ya Elube sanaiwonjezere.

Mwamuna wa Felesiya anauzidwa kuti ntchito yachepa. Anakhala milungu osalankhula ndi mkazi wake, kenako anayamba kupalasa njinga ya kabaza.

Lipoti linatuluka. Chakumapeto kwake kunali mutu watsopano, Fumbi, ndipo a Likongwe sanauze aliyense kuti anauikamo ndi iwo.

Za chipatala akuti akukambiranabe.

Kuboma kunachokera galimoto ya makina ojambula m'chifuwa. Mzere unayambira patchalitchi mpaka kumsewu. A Nankhoma anabwera pa njinga, atagwiridwa uku ndi uku, ndipo anajambulidwa poyamba.

Kampani inayamba kuthira madzi pachigayo ndi kugawa zotseka pamphuno, n'kunena kuti zinali kale m'mapulani.

Mvula yoyamba inagwa pa manda a Nankhoma dothi lisanaphwe.

12.

Pamaliropo Elube anakhala pafupi ndi Felesiya. Anali atatopa, ntchito asanapeze, ndipo ankafuna kena kake koti agwire.

Tsiku lija, anatero, ndikanazimitsa rekoda msanga, bwenzi asanalankhule. Chondilimbitsa mtima n'chakuti ndinawadikira mpaka mantha anawachoka.

Felesiya anamuyang'ana. Anaphimba pakamwa ndi chitenje, ndipo mapewa ake anagwedezeka ndi kuseka, pamaliro pomwe.

Mantha? A Nankhoma? Tamverani ndikuuzeni.

13.

Ife, dzulo lake la tsiku limene munabwera koyamba. Tinali pamulu wa miyala m'mbali mwa msewu pamene alangizi a zaumoyo anadutsa n'kutiuza kuti mawa kubwera ena a mafunso.

Tinali titawaona ambiri. A panjinga zamoto. A mafoni akuluakulu. Ogawa sopo. Ogawa fanta. Amene ankatifunsa maso ali pa wotchi. Onse tinkawapatsa zimene anabwerera, iwo n'kupita, fumbi n'kutsala.

Ulendo uno ayi, anatero a Nankhoma.

Tinakangana kuti alankhule ndani. Amene amuna awo anali pachigayo sakanatha. Nasimango anati iye akayamba amalira, ndipo munthu wolira amangomupepesa osamumva.

Ndilankhula ine, anatero a Nankhoma. Koma mpweya wanga ndi wochepa, sindingaumwaze pa za maneti. Zimenezo muyankhe inu, mwachangu, mmene amafunira. Ine ndizisunga wanga. Likafika funso lomaliza, pasapezeke wondilankhulira. Mundidikire mpaka udzaze.

Ine ndikhoza kuchita mantha, ndinatero ine Felesiya.

Uchite. Koma usachoke.

Nanga akakhala wogontha ngati anzake aja?

Tidikira wotsatira. Akubwerabe awa, satha.

Nanga wotsatirayo akadzapeza inu kulibe?

A Nankhoma anadzutsa mutu. Anayang'ana kuphiri kumene utsi woyera unkakwera.

N'chifukwa chake mawuwa muwadziwe nonse, anatero. Ndinena pang'onopang'ono, inu muzibwereza.

Tinabwereza. Nyundo pamwala, mawu pakamwa. Iwo akapuma ife tinkayambiranso, mpaka wamng'ono mwa ife anawadziwa osaphonya. Malole a kampani ankadutsa atadzaza miyala, madalaivala n'kumatiimbira hutala, poganiza kuti tikuphunzira nyimbo ya kwaya.