Nsagwada ya Alamu

Mayi Chizula anakhala pampando wa kumapeto, pafupi ndi chitseko, chikwama atachikumbatira ngati mwana wodwala. Dzinali si la makolo ayi. Anawapatsa ndi anthu a pamzere wa kuchipatala, ati dzino likangowaona mayiwa limayamba lokha kutsanzika anzake. Sanali dokotala, koma chiphaso chozulira ndi kumata mano anali nacho, chopachika pakhoma mpaka chinachita kusuluka.

Chipinda cha msonkhanocho chinalibe zenera. Amene anachimanga ayenera kuti anali pa udani ndi mphepo. Munali tebulo lalitali, mabotolo a madzi, ndi fani imene inkangotembenuza mutu uku ndi uku ngati ikukana zonse zonenedwa.

Nkhani yake inali iyi. Bungwe lopereka ziphaso linkafuna kusintha lamulo, kuti a ntchito ya Mayi Chizula aleke kuzula mano akuluakulu a kumapeto, aja otafunira, ntchitoyo itsale kwa madokotala okha. Linaitana komiti kuti iunike ganizolo, ndipo ozula manowa anapatsidwa mpando umodzi basi. Anzawo anasankha Mayi Chizula.

A Ndevu, amene ankagwira nawo ntchito m'chipinda chimodzi, katani pakati, anachita kuwaperekeza pokwerera basi. "Mukakane, asisi," anatero. "Dokotala kuno amabwera kamodzi pamwezi, akakumbukira. Anthu aziyenda ndi masaya ngati mabaluni? Tonse tadalira pakamwa panu."

Wapampando anali bambo wa dazi lonyezimira, loti munthu n'kudzipeserapo tsitsi. Anayamba ndi kufotokoza kachitidwe ka komitiyo.

"Muno sitikweza manja. Ndimafunsa mmodzimmodzi, ndipo wosayankha timamutenga kuti wavomera. Chinanso, ngati nkhani ikukhudza m'bale wanu, nenani, mutuluke. Mpando wanu ukhala wopanda munthu mpaka titamaliza."

Onse anavomera ndi mitu.

Kenako anaimirira dokotala wamkulu wa mano, mayi wofatsa wa magalasi a chingwe. Anazimitsa magetsi n'kuyamba kuonetsa pakhoma zithunzi za ekisireyi. "Mayina tachotsa," anatero. "Awa ndi anthu amene anavulala pozulidwa mano a kumapeto."

Choyamba chinadutsa. Chachiwiri chinadutsa. Chachitatu Mayi Chizula anachiyang'anitsitsa. Nsagwada inali itang'aluka ngati mbale yadothi, koma maso awo sanathamangire pamng'aluwo. Anathamangira kutsogolo, pampata wa pakati pa mano, waukulu woti n'kudutsa chogwirira cha supuni, ndi kadzino kamodzi kotsamira mnzake ngati kaledzera. Mpata umenewo ankaudziwa. M'menemo ndi mmene munkadutsa mawu onse owanena iwo kuyambira tsiku limene anakwatiwa.

Anali alamu awo, achemwali a amuna awo, ogulitsa nsalu. Nthawi yomweyo n'kuti alamuwo ali pasofa kunyumba kwa Mayi Chizula, nsagwada zomangidwa ndi waya, akuyamwa mkaka ndi kapaipi.

Mmene zinakhalira, dzino litawavuta alamuwo anakana kuthandizidwa ndi Mayi Chizula. "Ine ndiyasamulire mkazi wa achimwene? Aone zonse za m'kamwa mwanga?" Anadikira tsiku limene mayiwa anali kutchuthi, n'kupita kukakhala pampando wa a Ndevu. Dzinolo linali ndi mizu yokhota ngati mbedza. A Ndevu anakoka, linakana. Anawonjezera mphamvu, ndipo chinalira si dzino.

Amuna a Mayi Chizula atawaona achemwali awo atamangidwa pakamwa analira ndithu, misozi yeniyeni. Koma patapita masiku anamveka akufunsa dokotala ngati wayayo sangamuiwale momwemo.

M'mawa wa tsiku la msonkhanoli alamuwo anawakodola ndi chala. Mawu ankatuluka m'mpata uja ngati mpweya wa tayala lobowoka. "Alamu, mukawauze awalande zitsulozo. Onse. Ndi inu nomwe."

Dokotala wamkulu uja anayatsa magetsi. Sanakalipe, ndipo n'chimene chinavuta. Akanakhala wamwano, Mayi Chizula akanadziwa pomugwira.

"Sindikunena kuti anzathuwa sadziwa ntchito," anatero dokotalayo. "Koma kumene amagwirako kulibe makina ojambulira. Mizu saiona, amangoimva m'dzanja. Dzanja likanama, ndi izi mwaonazi. Mayi wachitatuyu mpaka lero sakutafuna."

Mayi Chizula ankadziwa kuti sakutafuna. Ndi iwo amene ankamusefera msuzi.

Anayang'ana chitseko. Chinali pafupi kwambiri, choti n'kuchigwira osadzuka. Akanena kuti nsagwadayo ndi ya alamu awo, atuluka, ndipo anzawo onse atsala opanda wowalankhulira. Akabisa n'kunena kuti akukana, ndiye kuti anama pamaso pa komiti, ndipo madzulo akakhala moyang'anizana ndi waya uja. Akavomera, kodi a Ndevu akawapatsa moni wotani? Nanga mzere uja umene umayamba kusanache, wa anthu omanga masaya ndi mipango?

Wapampando anayamba kufunsa. Wa mankhwala anavomera. Namwino wamkulu anavomera, n'kuwonjezera kuti zikumvetsa chisoni. Wa zamalamulo analankhula nthawi yaitali moti palibe anadziwa kumene akulowera, mpaka anafika pa kuvomera komweko. Mafunso ankayandikira ngati jakisoni kwa mwana amene ali pamzere.

"Mayi, inu ndinu eni ake nkhaniyi. Mukuti bwanji?"

Mawu analipo. Anali awiri, lovomera ndi lokana, ndipo anakumana pakhosi ngati anthu onenepa pakhomo limodzi, aliyense osafuna kupatuka. Mayi Chizula anatenga botolo la madzi kuti anyowetse kukhosi. Chitsekerero chinali cholimba. Munthu amene anazula mano a anyamata onyamula simenti analimbana ndi kapulasitiki, manja akuterera ndi thukuta, maso onse ali pa iwo. Chinatseguka. Anamwa. Anamwanso, pang'onopang'ono, ndipo ankadziwa bwino lomwe chifukwa chimene akumwera pang'onopang'ono.

Wapampando anadikira mwaulemu. Kenako anasisita dazi lake.

"Zikomo, mayi. Alembi, onse avomera. Lamuloli liyamba kugwira ntchito akuluakulu akangosaina."

Atafika kunyumba anapeza alamu awo ali pomwe paja, miyendo pakatebulo.

"Zatheka," anatero Mayi Chizula, akuvula nsapato. "Atilanda."

Alamuwo anasiya kapaipi. Anakhala chete, chinthu chimene ngakhale waya anali atalephera kuwaphunzitsa. Kenako anagwira tsaya linalo, lamoyolo.

"Ndiye ili likadzayamba, ndidzapita kwa ndani? Inunso alamu, munthu akalankhula ndi ululu mumangotenga zonse?"

Mayi Chizula analowa kuchipinda.

M'mawa mwake anapeza a Ndevu atafika kale, akutsuka zitsulo m'beseni. Chichitikireni ngozi ija bambowa ankabwera molawirira, ndipo ankatsuka zinthu zoyera kale.

"Zinayenda bwanji, asisi?"

"Tinakambirana."

"Munawauza?"

"Odwala akudikira, a Ndevu. Tikamba pa tiyi."

Mayi Chizula anakoka katani. Woyamba kulowa anali bambo wokonza nsapato, tsaya litatupa mpaka diso kutsinzina. Anakhala pampando asanauzidwe, n'kuyasamula. Linali la kumapeto, lakumunsi, lobowoka ngati chitsa cha chiswe.

Mayi Chizula anaima nthawi yaitali, nyali ili m'kamwa mwa munthuyo. Mizu sinkaoneka. Sinayambe yaonekapo, koma lero ndi pamene anazindikira kuti akuyang'ana mumdima.

"Bambo, mutadikira dokotala bwanji?"

"Abwera liti?"

"Mwezi wa mawa."

"Mayi, dzinoli silidziwa za miyezi." Anatseka maso n'kuyasamulanso.

Akuluakulu anali asanasaine. Mayi Chizula anabaya jakisoni, anadikira, n'kugwira chozulira. Anagwedeza pang'ono, kumanja, kumanzere, akumvetsera ndi dzanja lonse mpaka m'phewa. Dzinolo linazengereza ngati mlendo amene watsanzika koma sakudzuka. Kenako linabwera, lathunthu, mizu yake yowongoka bwinobwino.

Bamboyo analuma thonje, misozi ikutsika, nkhope ikuseka mbali imodzi.

"Dzanja lanu, mayi, Mulungu alisunge," anatero movutikira. "Akazi anganso lawo likuwavuta, lomweli la kumapeto. Koma ndi amantha. Ndawauza kuti asadandaule, Mayi Chizula alipo nthawi zonse, adzabwera akadzalimba mtima."

Mayi Chizula anaponya dzinolo m'kambale.

"Auzeni abwere msanga," anatero. "Sabata inoyi."

Kuseri kwa katani, madzi a m'beseni la a Ndevu analeka kulira.