Thanga Laling'ono la a Dominic

A Rozina anali akuyanika zochapa pamene a Deliwe, oyandikana nawo nyumba, anafika ali wefuwefu n'kuwauza kuti kumsewu kwaima thiraki yochokera ku Mozambique, ndipo anthu akutsitsa bwato. Dalaivala wake akufunsa nyumba ya a Dominic.

"Bwato? Kuno kwa Nthache?"

"Ndaliona ndi maso angawa, anzanga. Loyera, ngati beseni losambitsira ng'ombe."

A Rozina anayang'ana chingwe chomwe ankayanikapo. Chinali chimodzi mwa zingwe za bwatolo, choyera, chofewa m'manja, chosadziwa kuola, ndipo anazindikira kuti chitsika tsiku lomwelo. Ananong'ona kapemphero kawo ka masiku onse, koti Ambuye awagwire lilime, n'kupukuta manja pachitenje.

Amuna awo, a Dominic, anagwira ntchito zaka zambiri ku Songo, ku Mozambique komweko, m'mphepete mwa nyanja, akusamala bwalo ndi mabwato a mzungu wina. Bwanayo pobwerera kwawo anawagulitsa kabwato kake kakale koyendera mphepo. Zipangizo zake a Dominic anabwera nazo pabasi: matanga awiri, lalikulu ndi laling'ono, zingwe, matabwa ndi timagudumu. Bwato lenilenilo ndi mlongoti wake anazisiya kwa mnzawo Yakobe, dalaivala, kuti adzazibweretse akadzapeza malo. Koma asanakhazikike n'komwe pakhomo, sitiroko inawagwetsa kuseri kwa khola. Dzinja lonse la chaka chimenecho analigonera pabedi, osadziwa za dziko. Tsopano ankayenda ndi ndodo, kuchoka kuchipinda kufika pakhonde, n'kukhala pomwepo tsiku lonse, dzanja lamanja lili gone pamwendo ngati si lawo.

Tsiku limenelo anafika kumsewu. A Rozina anawatsatira pambuyo, manja ali okonzeka kuwawakha, koma sanagwe. Anyamata ananyamula bwatolo pamapewa n'kukaliika pansi pa mtengo wa mango, ndipo a Dominic analisisita m'mbali ndi dzanja lamanzere, akulilankhula m'Chipwitikizi. Analengeza kuti liyenda padamu la mthirira. Damulo ng'ombe zinkaliwoloka mwezi wa Okutobala osanyowa msana.

Kenako a Dominic anaitanitsa zipangizo zija, zomwe anabwera nazo m'masaka.

Pamudzi chinthu sichikhala chabe, ndipo masakawo anali atakhala zaka ziwiri. Thabwa lalitali lolowa pansi pa bwato linali chitseko cha khola la mbuzi. Mtanda wogwira thanga m'munsi unkachirikiza thandala la mbale. Kagudumu kamodzi kanali pachitsime, kakuthandiza amayi a mudzi wonse kukoka ndowa. Chigwiriro cha chiwongolero a Deliwe ankatakasira thobwa la paukwati. Thanga lalikulu linali kwa wapampando wa mphakati, chifukwa ndilo linkachita mthunzi pamaliro onse a m'mudzimo, ndipo ambiri ankalidziwa ngati lona wa tchalitchi.

A Rozina anayenda khomo ndi khomo kupempha zinthu zawo zomwe ngati akubwereka. Amayi apachitsime anawayang'ana ndi diso la nkhwezule. Zochapa zonyowa zinathera pa tchire la mpanda, ndipo mbuzi, poti khola linalibe chitseko, zinatafuna mkono wa bulauzi yawo ya Lamulungu. Chilichonse chikafika, a Dominic ankachitembenuza n'kupeza chodandaula. Thabwa likununkha mbuzi. Chigwiriro chamata chimera. Thanga lalikulu lili ndi mwaye komanso phula la makandulo. Za kuti zinthuzo zabwerera zonse, osasowapo ndi kamphete komwe, sanazitchule.

Woimika mlongoti anali a Timoti, achimwene a a Rozina, omwenso anali nkhoswe ya banjalo. A Timoti anali mmisiri wa nkhokwe ndi madenga, ndipo chilichonse choima ankachiona ngati nsanamira. Anafuna kukhomera mlongotiwo ndi misomali. Atakanizidwa, anafuna kuumanga ndi luzi. A Dominic anafotokoza kuti umangokhala pamphako yake, n'kugwiridwa ndi mawaya atatu, awiri m'mbali ndi mmodzi kutsogolo. A Timoti anati nyumba yomangidwa choncho iwo sangagonemo.

Ulendo woyamba anauimika chotembenuza, njira ya thanga italoza kutsogolo. Ulendo wachiwiri wogwira waya anausiya kuti apereke moni kwa wodutsa, ndipo mlongoti unagwera padenga la khitchini n'kusasula udzu. A Rozina anali mkatimo akuphika mbatata za ogwira ntchitowo. Anatuluka zinyalala zili m'mutu, napempheranso kapemphero kaja, ulendo uno mano ali gwa. Anthu othandiza ankachuluka tsiku ndi tsiku, makamaka nthawi ya mbatata.

Komabe panali china chomwe ankachiona iwo okha. Mfundo za a Timoti zinali zomangira mbuzi, ndipo a Dominic ankazimasula zonse n'kumanganso zawo za ku Songo. Poyamba ankachita ndi dzanja lamanzere ndi mano. Patapita masiku, a Rozina akubweretsa madzi akumwa anaona dzanja lamanja lija litapanikiza chingwe pathabwa, zala ziwiri zitachipinda pang'ono. Mwini wake sanadziwe n'komwe, anali otanganidwa ndi kukalipa. A Rozina anaika kapu pansi, nathokoza Mulungu mumtima, osanena kanthu kuopa kulidzidzimutsa.

Thanga lalikulu litakwera n'kuyamba kuphupha ndi mphepo, a Dominic anafunsa za laling'ono, lokhala kutsogolo kwa mlongoti. Popanda ilo, anatero, bwatolo limavuta kukhota.

A Rozina anayankha kuti linagwira ntchito ina.

Ntchitoyo ankaidziwa iwo ndi a Deliwe basi. Dzinja lija a Dominic ankadzionongera pogona. Matiresi anayamba kuola, ndipo pepala lapulasitiki linkang'ambika n'kuwatulutsa zilonda kumsana. Tsiku lina a Rozina anatsegula saka n'kupeza nsalu yolimba, yosalowa madzi, youma msanga. Anaidula pawiri, napinda m'mbali n'kusoka ndi manja kuti isawakande, kuti chidutswa china chikakhala pabedi china chizikhala padzuwa. Ankachapa kuseri kwa bafa, kumene odutsa sakanaona. A Dominic sankakumbukira chilichonse cha miyezi imeneyo. Anali munthu wosita ngakhale kampango kopukutira thukuta, ndipo a Rozina analonjeza mumtima kuti zimenezi sadzazimva kwa iwo. Zidutswazo zinali zikadali pansi pa matiresi, zopindidwa bwino, kuchitira mwina matenda n'kubweranso. Sanaganize zozisuntha, poti amuna awo sakanatha kutukula matiresi.

"Ntchito yanji, mayi a Tiyese?" anafunsa a Dominic.

"Ya pakhomo pompano."

"Ndiye libweretseni. Mbuzi zabweza, chitsime chabweza. Watsala ndani?"

A Rozina anayamba kusonkhanitsa makapu. A Timoti, pofuna kuziziritsa zinthu, anati asokerere nsalu za zipani, poti pamudzipo nyumba iliyonse inali nazo zamitundu yonse kuchokera pa zisankho zapitazo. Anati thanga lotero lingakhale labwino kuposa lachizungu, chifukwa eni nsaluzo amadziwa kale kutsata kumene mphepo ikulowera. Anthu anaseka. A Dominic sanaseke. Pamaso pa onsewo ananena kuti akudziwa zomwe zinachitika: akazi awo anagulitsa thangalo kwa ootcha makala kuti azifunditsira matumba, poganiza kuti mwini wake sadzukanso. Anauza a Timoti kuti Loweruka abwere ngati nkhoswe, osati ngati mmisiri, ndipo iwo aitanitsa nkhoswe yawo ya ku Thambani. Mkazi wogulitsa katundu wa mwamuna ali moyo, anatero, ayenera kufotokoza pamaso pa anthu.

Masiku otsatirawo sanalankhulane. A Rozina ankawaikirabe madzi osamba ofunda, n'kuwadulira ndiwo tizidutswa toti atole ndi dzanja limodzi, koma mbale ankaiika patebulo mwamphamvu kuposa kale. Ali kudimba ankayankha mlandu wonse mokweza, akuuza masamba a mpiru zomwe sakanauza munthu. A Deliwe anawapeza akutero n'kuwalangiza kuti angonena, apo ayi anena ndi iwo. Kodi alola kutchedwa wakuba pamudzi wa makolo awo chifukwa cha kansalu?

"Munthu wangoyamba kumene kuimirira, anzanga. Ndikamugwetse ndine, pamaso pa alamu ake?"

"Ndiye Loweruka mukanena chiyani?"

Bodza a Rozina sakanalitha, ndipo zoona sakanazinena. Anapempha a Deliwe kuti atseke pakamwa ndi kuwapempherera, makamaka kuti asawaponyere bambowo chigwiriro cha thobwa chija.

Loweruka m'mawa ankhoswe anakhala pamipando pansi pa mango, pambali pa bwato. Linali litatha kumangidwa, mlongoti uli chilili, zingwe zonse zitadutsa m'timagudumu take, kutsogolo kokha kuli mbee. A Rozina anakhala pamphasa, a Deliwe pambali pawo. A Dominic anachedwa m'nyumba. Chiwongolero chinali chisanalowe chifukwa panasowa kachitsulo kochitsekera, ndipo m'mawa umenewo anakumbukira kuti atangofika kuchokera ku Songo anakabisa pansi pa matiresi. Kachitsuloko a Rozina anali atakachotsa kalekale n'kukasunga m'chitini cha korona wawo wopempherera. Akanafunsidwa akanakapereka, koma a Dominic sankafunsa kanthu kwa munthu amene anali naye pa mlandu.

Anatuluka opanda ndodo, akukoka mwendo, atafungata zidutswa ziwiri za nsalu yoyera ndi manja onse awiri.

A Timoti anaimirira n'kulandira chidutswa chimodzi, nachitambasula kuti onse aone. Anati ndiye kuti silinagulitsidwe, koma mlandu ulipobe, chifukwa ladulidwa, ndipo mlongo wawo afotokoze chomwe anaonongera katundu wa mwini. Nkhoswe ya ku Thambani inavomereza ndi mutu. Onse anatembenukira kumphasa.

A Rozina anayang'ana pansi. A Deliwe anatsegula pakamwa, koma anatsinidwa pantchafu.

A Dominic sankamvera. Anali atakhala m'mphepete mwa bwato, chidutswa chinacho chili pamiyendo. Anayendetsa zala pamsoko wa m'mbali, wosokedwa ting'onoting'ono ndi ulusi wakuda wa zigamba. Anaona kuti ngodya yokhala ndi mphete yamkuwa inakutidwa ndi kansanza kofewa, kuti isakande khungu la munthu. Anaona pakati pa nsaluyo, pomwe panali popyapyala ndi kuchapidwa, ndi mabanga achikasu omwe sopo analephera kuchotsa. Anaitambasula ndi manja, ndipo utali wake unali wochokera pamsana pa munthu kufika m'mawondo. Thanga lalikulu linkaphupha pamwamba pawo.

"Alamu, pindani nsaluyo," anatero motsitsa. "Mlandu palibe."

A Timoti anati iwo sanasiye ntchito yawo kuti adzangoona bwato, ndipo anthu akaitanidwa amayenera kumva mutu wa nkhani.

"Bambo a Tiyese, zisiyeni," anatero a Rozina. Anali mawu awo oyamba kwa amuna awo chiyambire sabatayo. "Ndinadula ndine. Zithere pomwepo."

"Ayi. Ndinakunenani pagulu, ndiye amve pagulu." A Dominic anatembenukira kwa ankhoswe. "Ndinkagonera ine nsaluyi. Ndinkadzionongera ngati khanda, ndipo mayiwa ankachapa. Ine sindinadziwe. Ndimati ndinangogona n'kudzuka."

A Timoti anapinda chidutswa chija mosamala kwambiri, ngati chovala cha paguwa, n'kukhala pansi. Nkhoswe ya ku Thambani inayamba kuyang'anitsitsa mlongoti.

A Dominic anagwira waya wa m'mbali ndi dzanja lamanja, nadzikoka mpaka kuimirira. Anayenda kufika pamphasa. Anayesa kugwada, koma mwendo unakana, ndipo a Rozina, mkwiyo usanawathere, anapezeka atawagwira kale pachigongono kuti asagwe.

"Mayi a Tiyese," anatero a Dominic mokweza, kuti ndi amayi apachitsime omwe amve, "ndinakutchulani wakuba. Ndikhululukireni."