Chimene Nachisale Anabisa mu Ufa

Kodi mungalote chimene mkazi angabise m'thumba la ufa chifukwa cha nsanje?

Amuna a Nachisale, a Gwaza, anali atachitidwa opaleshoni ya chiuno. M'mawa uliwonse namwino wina wamkazi wamtali ankagwada pafupi ndi bedi lawo, n'kuwagwira miyendo, kuwaveka, kenako kuwadzutsa kuti ayende atatsamira phewa lake. Namwinoyo ankati wodwala akagona osasuntha, magazi amaundana m'mitsempha ya miyendo. Nachisale sankamva zimenezo. Ankangomva kuseka kwa amuna ake, kuseka kumene iye anali asanakumve chaka chonse.

Lachitatu anatenga chinthu china pabedipo n'kuchibisa. Namwino atabwera, anamuuza kuti odwala atopa, awasiye agone. Lachinayi anatero kachiwiri.

Masana a tsikulo mtima sunakhale m'malo. Anayala chitenje pansi pa mtengo wa mthethe kuseri kwa wodi, tulo n'kumuba. Anayamba kumva fungo la fodya wopotera, kenako anaona malemu bambo ake atakhala pamphasa yomwe anagonapo masabata atatu atagundidwa ndi ngolo. Mbalame zonse zinali zii. Mkuluyo anakweza buluku pang'onopang'ono. Mwendo wamanzere unali wotupa, wonyezimira, ndipo Nachisale atautambasulira dzanja unatentha ngati mbale yosiyidwa padzuwa.

"Munkandikonda, n'chifukwa chake munandiletsa kudzuka," anatero motsitsa mawu. "Fupa silinandiphe ine. Magazi anauma muno, nakwera kukanditseka mpweya. Mkamwini wanga wagona masiku awiri. Bweza chimene wabisa."

Nachisale anadzidzimuka thukuta lili kamukamu. Anathamangira kukhitchini ya oyang'anira odwala, napisa dzanja m'thumba lake la ufa, natulutsa chimene anabisa chija, nalunjika kwa namwino uja maso ali pansi. Namwinoyo anangochilandira. Anapita kukayeza miyendo ya a Gwaza, naipeza yosatupa, nawaveka chimene Nachisale anabwezacho.

"Gwirani mbali iyi ndinu, mayi," anatero. "Phewa langa latopa nawo amuna anuwa, ndi olemera."

A Gwaza anatsamira mkazi wawo, nayenda mpaka pakhomo la wodi. Kumeneko anayang'ana miyendo yawo n'kufunsa chifukwa chake ikununkha mgaiwa.

Chimene Nachisale anabisa anali masokosi awiri othina a kuchipatala, oteteza magazi kuti asaundane.