Nyimbo Imene Hilarión Anapempha pa Mtanda

Hilarión Calani sankatha kuimba chida chilichonse. Mulungu anamupatsa makutu okha, koma makutuwo anamupatsa mosaumira. Kukangomveka kuti ku Uncía kuli chikondwerero cha woyera mtima ndipo kwabwera bandi ya malipenga, ankasiya khasu m'munda n'kukwera lole ya nkhosa. Ankafika ku Llallagua, ku Oruro, ngakhale ku misika ya pachaka kumene anthu atatu amaimbira pamwamba pa lole ndi zokuzira mawu zosasa. Ankakonda kuima pafupi ndi ng'oma yaikulu, pomwe kulira kwake kumagunda m'chifuwa. Oimba akangotsitsa zida, woyamba kukuwa kuti "Inanso!" anali iye, moti mabandi ena ankasungiratu nyimbo imodzi ya mdala wa chipewa chobiriwira uja.

Mkazi wake Primitiva ankauza anzake kuti iye akanabadwa ng'oma, bwenzi akumuona mwamuna wake pakhomo tsiku lililonse. Koma sankamuletsa. Hilarión anali munthu wofatsa, wosajomba ku Misa, ndipo pobwera ku maulendo akewo ankamugulira malalanje.

Kwawo ku Chakuma nyimbo zili ndi nyengo yake. Zitoliro zamatabwa zimatuluka pa tsiku la Oyera Onse. Zimaitana mvula, zimaitananso mizimu ya akufa kuti idzakhale m'minda, kulera mbatatesi mpaka zichite maluwa. Lamulungu loyamba la Lenti, lija kutchalitchi amawerenga za mayesero a Ambuye m'chipululu, ndilo tsiku loiperekeza. Ikapita mizimuyo mvula imapita nayo, nthaka n'kuuma, anthu n'kukumba mbatatesi zawo.

Chaka chimenecho Hilarión anali atangobwera kumene kuchokera ku Oruro, kumene anatha masiku atatu akutsata mabandi, mawu atachita kusasa. Chinalinso chaka choyamba mudzi kuperekeza mizimu popanda Wenceslao, mkulu wake wa Hilarión, amene ankaimba chitoliro chachitali kuposa zonse, ndipo anamwalira ndi chifuwa cha kumigodi miyezi isanu ndi iwiri m'mbuyomo. Oimba tsopano ankatsogoleredwa ndi Ciriaco, mlongo wake wa Primitiva.

Lamulungu loperekeza mizimulo, atatuluka m'tchalitchi, mudzi wonse unakwera phiri kupita ku mtanda wamiyala, zitoliro zili patsogolo. Dzuwa linali pamutu. Pa mtandapo anaimba nyimbo yotsiriza, yapang'onopang'ono ija, amayi akuthira pansi chicha, mowa wawo wa chimanga, ndi kutchula mayina a abale awo. Kenako zitoliro zonse zinaleka pamodzi ngati zadulidwa ndi mpeni. Oimba anaziika pansi, anavula maluwa a pa zipewa zawo, aliyense n'kufulatira mtanda. Pamenepo salankhula munthu. Ngakhale khanda amaliyamwitsa kuti lisalire.

"Inanso!"

Mawuwo anatuluka Hilarión asanawaganize. Anakagunda phiri la kutsidya n'kubwerera. Amayi anachita chizindikiro cha mtanda. Ciriaco anamuyang'ana. Anatola zitoliro zonse, nazimanga m'nsalu, naziberekera kumsana.

Ali pakati pa njira yotsikira kumudzi, kuseri kwa mtanda kunayamba kulira chitoliro chachitali. Zina zinalandira. Aliyense anamva, ndipo aliyense ankaona mtolo uja uli kumsana kwa Ciriaco. Palibe anacheuka. Asanafike ku nyumba zoyamba, mvula inayamba.

Inagwa masiku asanu ndi anayi. Sinali mvula yaukali, inali yamvumbi, yosapuma. Ndipo nyimbo ija sinaleke. Mphepo ikatembenuka inkamveka bwinobwino pabwalo la tchalitchi: inkayenda mpaka pafupi ndi mapeto, n'kuyambiranso. Agalu analowa m'nyumba osafunanso kutuluka. Masamba a mbatatesi anayamba kuda, ndipo Primitiva atafukula phando limodzi m'munda wakumunsi, mbatatesi inaphulika m'dzanja lake ngati dzira lovunda. Chakudya cha mudzi wonse cha chaka chathunthu chinali m'matope amenewo. Anthu sanamutukwane Hilarión. Ankangosiya kulankhula iye akamadutsa, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa chikwapu.

Tsiku lachikhumi m'mawa Ciriaco anabwera, nakhala pa chikopa pafupi ndi moto, natafuna nthawi yaitali masamba a koka, aja anthu akumeneko amatafuna pochotsa kutopa. Anati anapemphera kolona masiku onsewo m'tchalitchi, anayatsa makandulo, koma yankho limene linkabwera m'mtima mwake linali limodzi lokha.

"Alamu, inu mwazungulira mabandi dziko lonse lino, nsapato mpaka kutha. Tandiuzeni. Munthu akapempha nyimbo kenako n'kuchoka, oimba amatani?"

Hilarión anayankha motsitsa kuti oimba aulemu amadikira mwini pempho.

"Ndiye akukudikirani. Kaimeni pamenepo mumve mpaka ithe. Ikatha, pakamwa panupo mutseke. Musaombe m'manja, musanene zikomo, musanene chilichonse. Mukangotsegula, mbatatesi tiiwale."

Hilarión anafunsa ngati nawonso anazindikira chitoliro chachitali chija. Ciriaco anayang'ana pamoto. Anayankha ndi Primitiva, uku akumukoleka mwamuna wake kolona m'khosi ngati mwana wopita ku ubatizo.

"Tonse tawazindikira, bambo. Achimwene anu anavutika ndi chifuwa zaka zisanu ndi chimodzi. Inu mwawaimbitsa masiku khumi osapuma. Alekeni akapumule kwa Mwini wawo."

Hilarión anakwera phiri yekha. Nkhungu inali itaphimba phiri, moti ankaona miyala iwiri kapena itatu yokha kutsogolo kwake. Ankapemphera poyenda, koma mapemphero ankangotsata kayendedwe ka nyimboyo. Atafika pa mtanda anavula chipewa, naima.

Sanaone munthu. Koma anamva fungo la maponcho onyowa, zofunda zaubweya zija amavala oimba, ndi la koka wotafunidwa. Anamva mapazi ambiri akuponda matope pamodzi, kuzungulira, monga amachitira oimba. Anamva kupuma kwawo. Ndipo kudzanja lake lamanja, pafupi moti akanatambasula mkono akanakhudza, wina ankakoka mpweya mochedwa pang'ono kuposa anzake, ndi kaphokoso ka m'chifuwa kaja. Wenceslao ankatero kuyambira atabwera ku migodi.

Pa zaka zonse zimene Hilarión anatsata oimba, anali asanamvepo zotere. Munalibe chitoliro chothamanga kapena chotsalira. Nyimbo imene ankaidziwa kuyambira ali kumsana kwa amayi ake inamveka ngati akuimva koyamba, ndipo m'kati mwake munali mawu a anthu amene anawaiwala kalekale: atate ake, mphunzitsi wa katekisimu amene anamuphunzitsa kupemphera, mwana wawo woyamba amene sanafike chaka. Misozi inasakanikirana ndi mvula. Nyimbo inafika pamene inkabwererera masiku onse aja, koma ulendo uno inapitirira, inatsika, inatha.

Kunagwa bata, ndipo Hilarión analidziwa bata limenelo. Ndi lija la oimba amene sanatsitse zida, angochotsa pakamwa pang'ono, akudikira kumva ngati anthu akufunabe. Ankamuyang'ana. Sankawaona, koma khungu lake linkadziwa. Akanangonena liwu limodzi, akanamuimbira mpaka tsiku la chiweruzo, mkulu wake ali pambali pake, osatopa, osapempha kanthu. Liwulo linakwera lokha kuchokera m'mimba, linafika pakhosi, linakankha lilime. Manja ake anali atadzuka kale kuti aombe.

Anagwada m'matope, nalowetsa manja onse awiri pansi pa mawondo ake. Kamtanda ka kolona anakaluma ndi mano. Mumtima ankangoti Ambuye ndigwireni, Ambuye ndigwireni, poti mawu ena onse a pemphero anali atamuthawa.

Sanadziwe kuti anakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Kenako anamva wina akupemerera chitoliro kuchotsa malovu, wina akugogoda chake pa ntchafu. Mapazi anayamba kuchoka, kulowera kumadzulo, ochuluka kuposa anthu onse a ku Chakuma. Mmodzi anatsalira. Chitoliro chachitali chinalira kamodzi, motsitsa, ngati munthu wofunsa pakhomo ngati muli anthu. Hilarión anatseka maso, naluma kamtanda kaja mpaka anamva magazi m'kamwa. Amene anatsalira uja anakhosomola, kenako naye anapita.

Potsika sanacheuke. Atafika ku minda yakumtunda nkhungu inali itang'ambika, ndipo dzuwa linagwera pa mizere yonyowa. Patapita masiku atatu nthaka inagwira, mudzi wonse unatuluka ndi makasu. Minda yakumunsi inali itawola, ndipo umodzi mwa minda ya Hilarión unali pakati pa imeneyo. Yakumtunda inapulumuka, yokwanira kuti anthu adye mosamala mpaka chaka chamawa, ndipo Lamulungu lotsatira anaimba nyimbo yoyamika m'tchalitchi ndi mawu awo okha.

Za paphiri palibe anamufunsa, kupatula Primitiva. Anali awiri m'munda wakumtunda, akusankha zabwino ku zovunda, pamene anafunsa osadzutsa mutu ngati achimwene anaimba bwino.

Hilarión anangogwedeza mutu movomereza. Primitiva anapukuta manja ake pa siketi, namugwira paphewa kanthawi, kenako anamupatsa thumba kuti agwire kukamwa, iye azithira.