Fungo la M'malaya a Inambao

Rhoda sanali mkazi wokhulupirira za m'kamwa mwa anthu. Iye ankakhulupirira mphuno yake. Pa msika wa Maramba ku Livingstone, pomwe ankagulitsa nyemba ndi mtedza, thumba lofumbwa ankalidziwa asanalimasule n'komwe, ndipo amalonda achinyengo ankalambalala benchi lake. Bambo ake, amene anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya njanji, ankati mwana uyu akanakhala galu akanalemeretsa mlenje. Mphuno yomweyo ndi imene inamusowetsa mtendere m'banja.

Mwamuna wake, Inambao, anali Mlozi wa ku Senanga, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ntchito yake inali yopima mitengo ya mukusi m'nkhalango zamchenga za kunjira ya Mulobezi. Ankapita pa sitima, n'kutha chilimwe chonse komweko, n'kubwera mvula ikagwa. Ndipo chaka chilichonse malaya ake ankabwera ndi fungo. Silinali la thukuta kapena la utsi. Linali fungo lokoma, lozizirira, lokhala ngati uchi koma lakuthwa pang'ono kumapeto, fungo loti mwamuna wogona mu tenti alibe nalo ntchito.

"Atake Kenny, uyu pefyumu ni wa ndani?" Rhoda anafunsa chaka choyamba, malaya ali m'manja.

"Ni maluwa chabe, amake Kenny. Kuli kachitsamba kuja mu thengo, mvula ikagwa kamaphuka. Ukapita pafupi kamakugwira."

"Maluwa yamene yamasankha kolala ya shati?"

Inambao anangoseka, ndipo kuseka kumeneko kunamuwonongera mlandu. Kuyambira pamenepo Rhoda anadziwa mumtima mwake kuti kunkhalangoko kuli mkazi. Anamuumbira nkhope, anamupatsa msinkhu, anamuveka ndi ndolo zomwe. Sanachoke pabanja, sanaitane ankhoswe. Ankaphika, ankachapa, ankayankha akafunsidwa, koma mwezi wonse wa Disembala ankagona atayang'ana kukhoma. Mwamuna akabwera ndi nsomba zouma, iye ankadzifunsa kuti zazikuluzo zatsala kwa yani.

Chaka china Inambao anatsika sitima atanyamula chigubu cha mafuta ophikira chodula pakati, muli mchenga woyera ndi kamtengo kotalika ngati chikhatho. Anakabzala kuseri kwa khitchini, pafupi ndi thandala la mbale.

"Kutsutsa galu n'kukumba," anatero, ponyadira mwambi umene anaphunzira kwa apongozi ake. "Kakaphuka, uzanunsha weka."

Tsono ku Livingstone madzi satayidwa pachabe. Otsukira mbale, otsukuluzira zovala, otsukira mpunga, onse amapita pa chomera chimene chili pafupi ndi khomo. Rhoda ankathirira m'mawa ndi madzulo, Inambao naye akakhala pakhomo ankawonjezera ndowa yake. Kachitsamba kanakula mpaka kufika pawindo, kobiriwira chaka chonse, timasamba take tating'ono tondandana tiwiritiwiri, tomapinda dzuwa likamalowa. Koma duwa ayi. Chaka chikatha Inambao ankakazungulira, n'kukanda kumutu, Rhoda n'kumuyang'ana ndi diso lija la akazi lotanthauza kuti ndinanena ine. Kenaka matenda a chifuwa anamutenga Inambao, chitsamba chisanamuchitire umboni.

Rhoda sanasiye kuthirira. Anthu a kumpingo ankati taonani chikondi, mayi wamasiye akusamala mtengo wa malemu. Chikondi chinalipo, inde, koma chinalipo ndi china. Ankathirira ngati munthu wodyetsa mboni kuti isafe mlandu usanathe.

Chaka chino, kumayambiriro kwa chilimwe, anapeza mtsikana wachilendo atagwada kuseri kwa khitchini yake, nkhope ili m'masamba.

"Iwe, ukufuna chani pa nyumba yanga?"

Mtsikanayo anadzambatuka n'kuwomba m'manja mwa Chilozi. Anati dzina lake ndi Sibeso, amaphunzira za zomera ku yunivesite ku Lusaka, ndipo akukhala kwa azakhali ake kuseri kwa mpandawu. Analankhula mothamanga, mawu akupondana. Anati wakhala akuyenda m'nkhalango zouma za kunjira ya Mulobezi, ndipo anapezako zitsa zingapo za chitsamba cha m'banja la nyemba chimene sichinalembedwe m'buku lililonse. Atabwererako ulendo wachiwiri anapeza owotcha makala atasesa malo onsewo. Lero, poyanika zovala, waona masamba omwewo akusuzumira pampanda.

"Amama, iyi mbewu ilibe na dzina. Koma kuti tiyipatse dzina tifunika maluwa na mbeu zake. Imaphuka mwezi bwanji?"

"Siyimaphuka," Rhoda anayankha mouma. "Mwine wake anali kukamba ati imaphuka, ati inunkhira. Boza."

Sibeso anapisa chala m'dothi, chinatuluka ndi matope. Anayang'ana thandala, anayang'ana beseni limene Rhoda anali nalo m'manja.

"Mumathirira daily?"

"Manje ungasiye chinthu kufa na ludzu?"

"Kwamene inachoka, amama, imakhala chilimwe yonse kulibe olo dontho. Imataya masamba yonse, imaoneka monga yafa. Mvula yoyamba ndiye imayiutsa. Niganiza apa siyiziba kuti nyengo yasintha. Lekani kuthirira mpaka mvula."

"Nanga ikafa?"

Mtsikanayo sanamubisire zoona, ndipo Rhoda anamulemekeza chifukwa cha zimenezo.

"Sininganame, ingafe. Yazolowera madzi, mizu yake ili pamwamba. Ndipo ine siniziba kwina kwamene yasala."

Sibeso anasiya nambala ya foni n'kubwerera ku Lusaka, kumusiya Rhoda ndi beseni lake. Tsiku limenelo madzi otsukira mbale Rhoda anakawataya kumsewu, koyamba chibzalireni chitsambacho, ndipo anabwerera m'nyumba akumva ngati waba.

Amene sanakhalepo ku Livingstone mwezi wa Okutobala asamanene kuti amadziwa kutentha. Malata amalira okha, mchenga umawotcha kudzera m'silipasi, agalu amasiya kuuwa. Timasamba tija tinayamba kupinda masana, kenaka tinachita chikasu, kenaka tinayamba kuyoyoka. Rhoda ankatisesa m'mawa uliwonse mtima ukumuwawa. Manja ake sankamva lamulo: akamaliza kutsuka mbale ankapezeka ataima kale pa chitsambacho, beseni litapendekeka, ndipo ankachita kudzikalipira mokweza kuti abwerere.

Mtima sunakhalenso m'malo. Akakhala kumsika ankafuna kunyumba, akafika kunyumba pankamutentha, n'kubwereranso kumsika. Tsiku lina anayenda msewu wonse wa Mosi-oa-Tunya, kudutsa mabanki ndi masitolo, wopanda choti agule, maso ali kumwamba kufunafuna mtambo. Ankaimbira Sibeso mpaka mtsikanayo anazolowera kuyankha asanapatsidwe moni: "Musathirire, amama." Nyemba ankapimira anthu mosefukira, ena mopereweza, moti Mapenzi, mnzake wa benchi loyandikana amene ankagulitsa kapenta, anayamba kumuyang'anitsitsa.

"Ba Rhoda, muli na nsikidzi mu chitenje? Khalani pansi, mutichititsa chizungulire."

Rhoda sanamuuze. Akanayamba pati? Mantha ake anali ndi mitu itatu. Ankaopa kuti chitsamba chifa, ndipo adzalowa m'manda osadziwa zoona. Ankaopa kuti chiphuka maluwa osanunkhira kanthu, ndipo mkazi wa ndolo uja adzakhala weniweni. Koma chimene ankachiopa kwambiri, chimene sankafuna n'kuchiyang'ana komwe, n'chakuti chiphuka ndi fungo lomwe lija.

Pofika mu Novembala panatsala timitengo totuwa tokhatokha, zoti mlendo akanathyola n'kusonkhezera mbaula. Mitambo inkasonkhana cha ku Zimbabwe, n'kugunda, n'kubalalika osasiya kanthu. Masana ena Rhoda analephera kupirira. Anatseka benchi dzuwa lili paliwombo, anafika kunyumba thukuta lili kamukamu, anadzaza ndowa mpaka pakamwa n'kukaima nayo pa chitsambacho. Anaganiza kuti bola mboni yosalankhula koma yamoyo. Akathira, masamba abwerera, zinthu zikhala monga zinalili, iye wolakwiridwa, Inambao wokayikitsa. Moyo umenewo ankaudziwa, ndipo unali ndi kukoma kwake.

Anatula ndowa pansi. Anakanda kanthambi kamodzi ndi chikhadabo, ndipo pansi pa khungwa lotuwalo panaoneka kobiriwira. Kenaka ananyamula ndowa ija n'kukathira pa mpapaya wa aneba.

Mvula inabwera Lamlungu ali m'tchalitchi, yamphamvu moti mlaliki anasiya kulimbana ndi malata n'kuyambitsa nyimbo. Rhoda sanadikire dalitso lomaliza. Anafika kunyumba atanyowa chapachapa, n'kupeza timitengo tija tili chimodzimodzi, tangoda ndi madzi. Anatitukwana pang'ono. Koma pakati pa sabata panatuluka timatuza m'nthambi zopanda tsamba ndi limodzi lomwe, ndipo Rhoda anasiya kudya bwino.

M'mawa wina anatsegula chitseko cha khitchini tsache lili m'manja, ndipo sanafunike kuyang'ana. Fungo linamupeza pakhomo pomwepo. Lokoma, lozizirira, ngati uchi koma lakuthwa pang'ono kumapeto. Mphuno imene sinanamizidwepo ndi thumba la nyemba sikanalakwitsa apa. Chitsamba chonse chinali chitavala maluwa ofiirira motuwa, ang'onoang'ono ngati a khobwe, olendewera m'timagulu, njuchi zili piringupiringu. Anayandikira, nthambi ina inamukhudza paphewa, n'kumusiyira ufa wachikasu pakhosi pa bulauzi, pamalo enieni pamene pamakhala kolala ya malaya.

Rhoda anakhala pansi pamatope. Analira kulira kumene sanalire pamaliro, chifukwa pamaliro paja anali kuyang'anayang'ana m'khamu kuti aone ngati mwabwera mkazi wa ndolo.

Sibeso anafika pa basi ya mawa lake, ndi lumo, manyuzipepala akale ndi matabwa awiri opanira maluwa. Anajambula, anapima, anadula nthambi zochepa mopepesa ngati akumeta mwana. Anati nyemba za chitsambachi zikakhwima adzabweranso, zina akazifese kunkhalango kuja, ndipo akuluakulu ake akavomereza kuti ndi mtundu watsopano, dzina la amene anachibweretsa likhoza kulowa m'dzina la chitsambacho.

"Anali ndani dzina, amama?"

"Inambao," anatero Rhoda. "Niuzeko, mwana wanga. Sembe sitinali kuthirira, sembe inaphuka liti?"

"Izi zimafulumira. Chaka yachitatu, olo yachinayi."

Rhoda anangogwedeza mutu. Chaka chachitatu Inambao anali wamoyo, wamphamvu, akuzungulira chitsamba ndi ndowa yake n'kumakanda kumutu. Akanatha kuima naye pomwepa. Anatsala ndi ma Disembala ambiri pambuyo pake, ndipo onsewo anawaonera msana wa mkazi wake.

Kumsika Rhoda anafika mochedwa, atavala bulauzi ya dzulo lija, chifukwa mtima sunamulole kuichapa. Anayala nyemba zake mwakachetechete. Mapenzi anasiya kupima kapenta, anakweza mphuno, ananunkhiza uku ndi uku mpaka anafika paphewa la mnzake. Maso ake anawala.

"Ehe! Ndiye chifukwa simunali kukhala pansi! Ba Rhoda, uyu pefyumu anakugulirani ndani?"

"Ni maluwa chabe," anatero Rhoda. "Kuli kachitsamba ku nyumba, mvula ikagwa kamaphuka. Ukapita pafupi kamakugwira."

Mapenzi anaseka mpaka kugwira benchi, n'kukodola amayi a tomato kuti abwere adzamve.

"Maluwa! Awe mwandi, ba Rhoda. Onse amakamba so."

Rhoda anatsegula pakamwa kuti alumbire, koma anaona nkhope ya mnzakeyo, yotsimikiza, yokhutira ndi nzeru zake, ndipo anaizindikira. Anangoseka pang'ono, mmene ankasekera Inambao, n'kuweramira nyemba zake.