Chingerezi cha Mabalane

Pa Maglas ponse, komboni yathu ya pamgodi, palibe wamkulu amene sadziwa kuti ine Manson Nkhoma ndinali mabalane. Ana a masiku ano mawuwa sawadziwa, ndiye ndinene: mabalane ndi kalaliki wa pamgodi, munthu wa cholembera, amene amatsala mu ofesi anzake akamatsika pansi kukameza fumbi. Bambo anga anachoka ku Ntcheu wapansi kudzafuna ntchito kuno kudziko la olankhula Chishona, ndipo anamwalira osadziwa kulemba dzina lawo. Ine mwana wawo ndinalemba makalata a Chingerezi zaka makumi awiri ndi zinayi, ena mwa iwo mpaka mzungu amagwedezera mutu. Mgodi utaima ndinagula singano, ulusi ndi guluu n'kukakhala pansi pa mtengo pafupi ndi renki, pokwerera maminibasi. Lero ndimasoka nsapato. Koma cholembera ndimayendabe nacho m'thumba la malaya, kuti wobwera ndi nsapato yake yoyasama adziwe kuti akulankhula ndi ndani.

Pakhomo tilipo atatu: ine, mkazi wanga Eluby, ndi mdzukulu wathu Runyararo, mwana wa Loice. Loice ali ku Joni kukafuna moyo, mwanayu anatisiyira ali ndi zaka zisanu. Chaka chimene ndikunenachi anali Fomu 2. Chichewa amamva bwinobwino, koma poyankha Chishona chimamutsogolera. Ndi mwana wofatsa, wamaso akuthwa, ndipo kuyambira ali wamng'ono amakonda kulembalemba ngakhale kuseri kwa kalendala.

Sabata yoyamba ya teremu anabwera ndi pepala lochokera kwa mphunzitsi wake wa Chingerezi, Madamu Gumbo. Munali zonse zimene madamuwo amayembekezera kwa ana: kuwerenga buku limodzi pa masabata awiri, kulemba ndime imodzi Lachisanu lililonse, kubwera ndi dikishonale, kusalankhula mnzako akulankhula. Kenako ntchito yaikulu, ija malikisi ake amaphatikizidwa ndi a mayeso omaliza chaka. Mwana aliyense asankhe munthu mmodzi wa m'banja, amufunse za ntchito yake, alembe masamba awiri pamanja. Nkhani zitatu zopambana zidzapita ku mpikisano wa sukulu za m'boma lonse. Pansi penipeni panali mawu odulidwa mzere kunsi: kholo liyankhe mafunso a mwana, koma lisamulembere, ntchito yokopera kapena yolemberedwa idzapatsidwa ziro.

Ndinawerenga, ndinaseka. Chingerezi cha madamuwo chinali chowonda, mawu afupiafupi okhaokha, opanda ndi amodzi omwe oti munthu n'kutsegulira dikishonale. Ndinasaina ndi siginecha yanga ya ku ofesi, ija ya mchira wautali.

"Ndasankha imi, Sekuru," anatero Runyararo, poti agogo m'Chishona amati Sekuru.

"Ukanasankhanso ndani?" ndinatero. Mtima unali mbee.

Masana atatu otsatizana, akaweruka kusukulu, amabwera pamtengo paja n'kukhala pa kreti ndi kope lake. Ine ndiye ndinatsegula pakamwa ngati wailesi. Ndinamuuza za ofesi yokhala ndi fani, za taipi yanga yolembera makalata, za tsiku limene manijala anandituma kuti ndilembe kalata yopita ku likulu chifukwa kalaliki wachizungu anali atalephera. Iye amangoti "hoo, Sekuru," uku akulemba. Ndinaona ndithu kuti nthawi zambiri maso ake amakhala pa manja anga, osati pakamwa panga, koma sindinaganizepo kanthu.

Lamlungu lotsatira, titabwerako kutchalitchi, iye anabwereranso kukaphunzira nyimbo za kwaya. Masamba ake awiri anawasiya patebulo, atawatsindira ndi kapu. Ndinavala magalasi.

Tsamba loyamba linayamba chonchi, ndikalitembenuzira m'Chichewa: "Agogo anga amasoka nsapato pansi pa mtengo. Zala zawo n'zakuda ndi guluu ndipo sopo sachotsa. Ulusi amadula ndi mano a m'mbali chifukwa akutsogolo anatha. Akafuna kutsokomola amatembenukira kumtengo kuti kasitomala asaone. M'thumba mwawo muli cholembera chimene inki yake inatha kalekale."

Za ofesi munali mzere umodzi wokha. Umodzi! Zaka makumi awiri ndi zinayi kuzipanikiza mu mzere umodzi, koma mano anga ogweluka kuwapatsa malo. Magazi anandikwera kumutu. Ndinaona m'maganizo aphunzitsi akupatsirana pepalalo mu stafurumu, ena mwa iwo ana a anthu amene ndinkawalembera mafomu a tchuthi, akuseka kuti mabalane uja watha chonchi. Tsamba lachiwiri sindinaliwerenge n'komwe. Ndinapinda onse awiri n'kuwaponya m'bokosi langa la zida.

"Mukutani ndi mapepala a mwana?" anafunsa Eluby ali pakhomo la kukhitchini.

"Ndikukonza."

"Si munasaina nokha kuti simumulembera?"

"Kukonza si kulemba, mayi. Za sukuluzi zisiyireni ife."

Eluby anangondiyang'ana n'kubwerera ku mapoto ake. Zaka makumi anayi tili limodzi, amadziwa kuti ndikafika pamenepo ndiye kuti makutu ndatseka.

Ndinabwereka cholembera cha mwanayo, poti changa chija n'zoona sichilemba, ndipo ndinakhuthula Chingerezi chonse chimene chinakhala chikundidikira zaka zonsezi. Ndinayamba momwe tinkayambira kalata yopita kwa bwana. Ndinadzitcha munthu wotchulidwa pamwambapa, ndinadzitcha wantchito wokhulupirika wa kampani. Za nsapato ndinangoti panopa ndikuchita bizinesi ya zikopa. Nditamaliza ndinawerenga mokweza ndekha, ndipo kunena zoona ndinadzimva kukoma.

Runyararo atabwera ndinamukhazika pansi. "Kopera izi ndi dzanja lako, bwinobwino, osadetsa."

Anawerenga mizere iwiri, kenako anayang'ana patebulo pomwe anasiya zake. "Ko zangu zili kuti, Sekuru?"

"Zako zinali zachibwana. Ukufuna kupita ku mpikisano kapena ayi?"

"Asi Madamu anati..."

"Madamu wako anabadwa liti? Ine ndinayamba kulemba Chingerezi amayi ake asanakwatiwe. Kopera."

Anakopera. Sanalire, sanadandaule, anangoti mutu pansi mpaka kumaliza. M'mawa mwake kuntchito guluu atanditayikira, ndinapisa m'bokosi n'kutenga mapepala oyamba kugwira, ndinapukutira zala n'kutaya m'bini ya parenki. Ndinadziwa kuti ndi ake aja. Sindinganame kuti sindinadziwe.

Patapita masabata awiri kunabwera kakalata koti kholo la Runyararo lifike kusukulu Lachiwiri m'mawa. Inu, ndinasita jekete! Ndinauza ndi mnzanga wogulitsa matimati parenki kuti andiyang'anire zida, ndikukalandira ulemu wa mdzukulu wanga. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Madamu Gumbo anali mayi wamng'ono thupi, wa zaka ngati za Loice wanga. Anandilandira mwaulemu mu stafurumu, anandipatsa mpando. Aphunzitsi ena atatu anali pamatebulo awo akuchonga makope. Mmodzi ndinamuzindikira: mwana wa malemu Yobu, amene ankagwira ntchito pansi pamgodi m'masiku anga. Runyararo anaima pafupi ndi khomo, manja kumbuyo.

Madamu anatenga pepala limene Runyararo anakopera lija n'kuwerenga mokweza mzere woyamba: "I have the honour most respectfully to submit." Anaima. "Sekuru, ine ndaphunzitsa Fomu 2 zaka khumi ndi chimodzi. Hakuna mwana amene amalemba chonchi. Ndipo Runyararo ndimamudziwa kalembedwe kake, Lachisanu lililonse ndimawerenga ndime zake. Pa atatu opita ku mpikisano, dzina lake ndinali nditaliika kale m'mutu ndisanaone n'komwe ntchitoyi. Ndiye ndikufunsa, walemba izi ndani?"

Funso limapita kwa mwana, koma maso anali pa ine. Zolembera za aphunzitsi aja zinasiya kuyenda.  Mawu anali pafupi, atatu okha: ndalemba ndine, Madamu. Koma mwana wa Yobu anali atadzutsa mutu, ndipo ine ndinangoti kakasi. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula.

"Ndakakopa pafoni ya shamwari yangu, Madamu," anatero Runyararo ndi mawu otsika. Anati anakopera pafoni ya mnzake.

Madamu anapuma mozama. Anatembenukiranso kwa ine. "Sekuru, inu mukuti bwanji?"

Apa ndi pamene pamandisowetsa mtendere mpaka lero. Kukhala chete kuja mwina munthu akhoza kundikhululukira, kuti mkulu anadzidzimuka. Koma ine ndinatsegula pakamwa. Ndinagwedeza mutu ngati munthu wokhumudwa n'kunena kuti, "Ana a masiku ano ndi mafoni awa, Madamu. Tikamulangiza kunyumba."

Madamu anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analemba ziro ndi inki yofiira pamwamba pa pepala. Anati lamulo ndi lamulo, ndipo pepala la malamulo lija ine ndinalisaina ndekha. Ku mpikisano sapita, ndipo sabata yonse azisesa kalasi anzake ataweruka. Runyararo anathokoza kuti "maita basa, Madamu," n'kutuluka kupita m'kalasi osandiyang'ana.

Amati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Kwathu zinatembenuka: wadya ndine, wopotedwa m'mimba mwana.

Masiku otsatira mwanayo sanandichitire mwano ngakhale pang'ono, ndipo chimenecho ndi chimene chinandipweteka. M'mawa amagwada kundipatsa moni, madzi osamba amandiikira, tiyi amandithirira. Koma pamtengo paja sanabwerenso. Eluby ndinamuuza zonse tsiku lachitatu, poti anali ataona kale kuti mwana akuchedwa kuweruka ndipo siketi ikubwera ndi fumbi.

"Ndiye mwana akusesa kalasi chifukwa cha jekete yanu?" anatero. "Amuna inu, manyazi a nsapato mwawaona aakulu kuposa awa?"

 Ndinatenga sabata ina yonse ndikudziuza kuti ndipita mawa. Lolemba linalo ndinapita, ndi ovolosi yanga ya kuntchito, zala zili ndi guluu. Ndinawapeza Madamu Gumbo pakhonde akutuluka m'kalasi, choko chili m'manja. Ndinavula chipewa pamaso pa mwana woti ndikhoza kumubereka.

"Madamu, pepala lija ndinalemba ndine."

"Ndikudziwa, Sekuru," anatero osadabwa. "Foni ilibe Chingerezi chotere. Bambo anga analinso mabalane, makalata awo ndikadali nawo. Ndinadziwa pa mzere woyamba. N'chifukwa chake ndinakufunsani kawiri. Mukanavomera tsiku lija, ndikanamupatsa masiku atatu kuti alembenso yekha, chifukwa mwana sangakane agogo ake. Koma iye atavomera pamaso pa aphunzitsi kuti wakopera, inu n'kuchitira umboni, manja anga anamangika."

"Nanga pano?"

"Mayina a mpikisano anapita Lachisanu. Malikisi nawo ndinapereka kale ku ofesi." Anaganiza pang'ono. "Iye analemba yake poyamba? Ngati ilipo bweretsani. Ziro sindingachotse, koma ndikufuna ndiiwerenge, ndiponso ndilembe pa lipoti lake kuti mwanayu sanabe."

Ndinayang'ana zala zanga. Ndinati ndikaona.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinamupeza Runyararo pampopi kuseri kwa nyumba, akuchapa masokosi a sukulu. Ndinakhala pa njerwa pafupi naye, mawondo akulira. Ndinamuuza kuti ndapita kwa Madamu ndipo ndaulula zonse. Ndinamuuzanso zimene ndinachita ndi mapepala ake, osabisa. Ndinati ndalakwa, mdzukulu wanga, ndalakwa kwambiri. M'moyo wanga wonse ndinali ndisanapepesepo kwa mwana.

"Zvakanakai, Sekuru," anatero, uku akufinya sokosi. Anati palibe kanthu.

"Lembanso, Runya. Momwe unalembera muja, za mano, za guluu, zonse. Madamu akufuna awerenge."

Anafinyanso sokosi, madzi akudontha m'beseni. "Tsamba loyamba ndingalembe. Ndikulikumbukira."

"Nanga lachiwiri? Waiwala?"

Anandiyang'ana koyamba chichokereni mu stafurumu muja. "Simunawerenge?"

"Ayi."

Nthawi imeneyi anayankha m'Chichewa chokhachokha, pang'onopang'ono, ngati akufuna kuti ndisaphonye liwu.

"Ndinalemba za tsiku lija mayi wina anabweretsa nsapato ya mwana wake, inu n'kumuuza kuti asavutike, nsapatoyo yatha, ngakhale musoke simatha sabata. Ndinalemba kuti anthu amadutsa osoka nsapato awiri n'kubwera kwa inu chifukwa agogo anga sanama, ngakhale pamene bodza likanawathandiza. Ndinati n'chifukwa chake ndasankha inuyo." Anayanika sokosi pawaya. "Limenelo sindingalembenso, Agogo."