Masaka a Mchenga a ba Elina

Chaka chathunthu chinatha ba Elina, amake Obed, asanachotse masaka awo a mchenga. Analonjeza okha, pamaso pa anthu, madzi ali m'mawondo, kuti mvula ikatha achotsa. Mvula inatha. Fumbi linabwera, linapita. Tsopano ndi Novembala, kumwamba kwayamba kuda cha ku Makeni, masaka asanu ndi limodzi ali pompo, atatseka ngalande ya pakati pa nyumba yawo ndi ya ba Philomena.

Kukomboni ya Kanyama madzi salowa pansi, pansi pake ndi mwala. Amangoyendayenda kufunafuna khomo. Chitsekereni ngalande ija, khomo limene ankalipeza linali la ba Philomena, amake Tiza, ogulitsa malasha. Malasha onyowa agula ndani?

Ba Philomena anapita kwa acheyamani a m'deralo, acheyamani anati mawa. Kupolisi anawauza kuti adzabwere akamenyana. Ndiye tsiku lina kunafika ba Whyson, mphunzitsi wopuma ntchito, wa kagulu ka Abwenzi, aja ena amawatchula kuti ma Quaker, amene amayanjanitsa anthu mukomboni asanathyolane mano. Anati Loweruka masana amayi awiriwo akakumane m'kalasi ya pasukulu. Ba Philomena anavomera msanga. Mawu anawanola sabata yonse ngati mpeni.

Atalowa anapeza mipando yazungulira, anthu asanu ndi awiri, ba Elina atakhala kale uko ndi nkhope ya munthu wosalakwa. Tebulo palibe, mbusa palibe, ng'oma palibe, ngakhale mbale ya chopereka. Anafunsa kuti oweruza ali kuti.

"Kulibe oweruza, amake Tiza," anatero ba Whyson. "Ise timayamba na kukhala chete pamodzi. Amene mtima wamupatsa mawu, akambe."

Apo ba Philomena anaseka chamumtima. Nzeru imeneyo ankaidziwa. Zaka makumi awiri akugula malasha kwa amuna a malole ochokera ku Mumbwa: ukatchula mtengo wako, tseka pakamwa, yang'ana kumbali. Woyamba kuyankhula ndiye waluza. Kani Abwenziwa ndi anthu a msika! Anamanga chitenje, napinda manja, natseka milomo gwa.

Tsoka lake, ba Elina nawo ndi ogulitsa tomato. Lamulo lomwelo ankalidziwa.

Pa milandu yotere Abwenzi ankangokhala chete mphindi khumi, chifukwa alendo sapirira. Wina amatsokomola, wina amayamba kutukwana. Lero mphindi khumi zinatha, zii. Makumi atatu, zii. Mayi wina wa Abwenziwo, ba Namukolo, anatsegula diso limodzi, naona amayi awiri atakhala nganganga osaphethira, natsekanso akumwetulira. Anali asanaonepo alendo opemphera mozama chotero. Ba Philomena mwendo unachita dzanzi. Ntchentche inatera pamphuno, anaisiya. Mumtima ankangoti kamba iwe, kamba.

Kenaka padenga la malata panagwa dontho. Lina. Posachedwa linali phokoso lokhalokha.

Masaka asanu ndi atatu a malasha anali pansi m'nyumba mwa ba Philomena, oguliratu dzulo. Tiza ali kutauni. Ba Philomena anakakamira pampando. Kudzuka ndiye kuluza, kuyankhula ndiye kuluza. Posowa poyang'ana, anayang'ana pansi, maso nagwera pamapazi a ba Elina. Anali m'mapatapata, zala zoyererako, pakati pake zipsera za zilonda za madzi a chaka chatha. Mapaziwo sankakhazikika, ankangogundagunda simenti. Nawonso ankawerenga madontho.

Ba Philomena ankadziwa, monga aliyense pamzere wawo, kuti nyumba ya ba Elina ili m'munsi. Masaka a mchenga akachoka, madzi onse akagona kwa ba Elina. Ankadziwanso china chimene sabata yonse ponola mawu anachilumpha dala: kale ngalande ija inkapitirira mpaka kungalande yaikulu ya kumsewu, ndipo inkadutsa pamene iwo eni ba Philomena anamanga kantemba kawo, kachisakasa kogulitsiramo malasha, zaka zitatu zapitazo, nakwirira ndi miyala. Pokangana, zimenezi munthu sazimva, pakamwa pamakhala pali pantchito. Koma ola lathunthu uli duu, mutu umayamba kukuuza zinthu zimene sunaufunse.

Anaimirira, mpando nugwa.

"Imwe amake Obed. Kantemba nizasendeza. Mita imodzi, osati ziwiri. Imwe muchotse masaka yanu lero, madzi yapite kumsewu."

Ba Elina anapuma ngati munthu wotula mtolo, koma anati mita imodzi ndi theka. Ba Philomena anati imodzi ndi chikhatho. Anagwirizana pamenepo. Ba Whyson anayamba kufotokoza kuti mwa mwambo wawo amafunsa kaye ngati onse mitima yamvana, kenaka n'kugwirana chanza, koma ba Philomena anawadula: chanza adzagwirana pouma, amene ali ndi khasu akatenge.

Anapita onse, mvula ikuwakwapula. Ba Whyson anapinda thalauza, nakumba ngati mnyamata, magalasi ali m'thumba. Ba Namukolo ndi anzawo ananyamula kantemba, ba Philomena akuyeza ndi chikhatho kuti asapitirize. Madzi anali atafika kale pakhomo pa ba Philomena, atanyambita saka limodzi la malasha. Ba Elina anakoka masaka awo limodzilimodzi, lomaliza linang'ambika, madzi nathamanga kunka kumsewu ngati ana otuluka kusukulu.

Ba Namukolo anawagwira dzanja ba Philomena, nati mzimu unawayankhulitsa bwino lero, adzabwerenso Lamlungu. Ba Philomena anati iwo sanayambe kuyankhula, inayamba ndi mvula, aliyense anamva. Za Lamlungu adzaona, koma kukhala ola lonse popanda ngakhale kwaya, mwendo wawo sungalole.

Kenaka ba Philomena anayang'ana masaka a mchenga aja ali mbwee pamatope. Asanu anali abwinobwino, okhutula mchenga n'kuyanika, olowa malasha.

"Amake Obed, aya masaka yanivutitsa chaka chonse. Nitenga ine."

Ba Elina anawakokera kumbali kwawo ndi phazi.

"Ngalande natsegula. Masaka ni yanga."